Diso la Ndaziona

Zinayamba ndi manthongo.
M'mawa uliwonse ndinkamupukuta ndi kansanza konyika m'madzi,
iye n'kumapotoza khosi ngati mwana wokana kusamba.
Ndinkati ndi fumbi la pachigayo,
pajatu tonse pano timatsokomola mankhusu a mpunga.

Sabata yachiwiri diso lamanzere linachita mtambo,
mbuu, ngati madzi otsukira mpunga.
Anagunda ndowa. Anagunda njinga ya abwana.
Usiku wa Lachinayi anauwa thumba la madeya
mpaka mawu kusasa.

Dzinali ndinamupatsa ndine
chaka chimene mkazi wanga anabwerera kwawo ku Mwansambo
atanyamula wailesi ndi mbale zonse.
Ndaziona.
Ndinkafuna anansi azimva ndikamaitana.
Lero ndikaitana, anyamata onyamula matumba amafa nacho chiseko:
waona chiyani wakhunguyo?

Mayi wa zitumbuwa anati muthireni shuga m'diso.
Wina anati madzi a fodya.
Ine ndinatuma uthenga ku Boma.

A Chikhosi a zaziweto anafika pa njinga yamoto yotsokomola.
Anakweza chikope ndi chala chachikulu,
anayang'ana nkhama zotuwa,
anapapasa m'khosi n'kupeza mwanabere.
Galuyu amapita kunkhalango?
Ndinayang'ana nsapato zanga.
Anafunsanso.
Ndinati mlamu wanga anamubwereka mwezi watha,
akuti kukapirikitsa anyani kumunda, kufupi ndi waya.
Za nyama yowamba imene inabwera naye limodzi
sanafunse, ine sindinanene.
Anangoti: kashembe.
Imeneyi si ng'ala ya ukalamba.
Matenda ali m'magazi,
diso langokhala zenera limene asuzumirapo.

Akusungunula mankhwala achikasu
anandiuza za kavalo wina amene anamuthandizapo ku Salima.
Diso lake linkatsika misozi, kutsinzina, kuchira,
pakapita miyezi n'kuyambiranso,
mpaka anazolowera kuyenda mutu uli chopendekera
kuti dziko lonse lilowere diso limodzi.
Womusamala ankamuyandikira akuimba mluzu
kuti asadzidzimuke n'kumuponda.

Kavalo ine ndinangomuona pakalendala,
koma usiku womwewo ndinayamba mluzu.

Abwana anati galu ndi galu,
kwa a Kapichira kuli tiana tisanu, katenge kamodzi.
Sindinayankhe.
Amene anandidzutsa tsiku limene lamba wa injini ankanyeka
sanali kamodzi mwa tisanu.
Ndinagulitsa jekete langa la mvula
n'kulipira jekeseni.

Tsono usiku timalondera motere:
ndowa ndimaiika pamalo amodzimodzi,
njinga ya abwana ndimaitsamiritsa kuseri,
ndikamazungulira ndimakhwekhweretsa phazi
ndipo iye amatsata, mphuno pa chidendene changa.
Pakona ya nyumba yosungira matumba amaima, makutu njo,
kumva zimene tochi yanga siingapeze.
Mwera ukabwera ndi kamvula ndimanyowa.
Iye amagona pamapazi panga, amatentha ngati mbaula.

A Chikhosi anati ndisalonjeze mtima wanga kanthu.
Ena mtambo umachoka, ena umakhala,
ena matenda amabwerera ngati ngongole.
Anandiphunzitsa kuyesa:
chinthu chopanda fungo, chopanda phokoso,
uchigwetse patsogolo pake.

Dzulo kutacha ndinatola nthenga ya nkhunda.
Ndinaphimba diso lamanja ndi chikhatho,
ndinaitaya.
Inatsika pang'onopang'ono, ikuzungulira,
ndipo mutu wake unatsika nayo.
Kapena inali mphepo imene anamva pandevu.
Ndinayesanso, koma chigayo chinalira,
anthu anayamba kufika ndi matumba pamutu.

Posainira buku la alonda
ndinalitalikitsa mpaka mkono kutha
kuti ndipeze mzere wa dzina langa.
Kalaliki anandiyang'ana.
Ndinati ndi fumbi la pachigayo.